Sukulu ya zachipatala m'dziko longopeka: muimange ku likulu, pa kachisi, kwa agogo kapena kuchigwa?

Aliyense amene akulemba nthano ya dziko longopeka, kaya ndi ija ya pa Facebook ya gawo 1 gawo 2, kaya sewero la pa wailesi, makatuni olo gemu, tsiku lina amafika poti mwininkhani walasidwa ndi mkondo ndipo pakufunika womuchiza. Apa ambiri timangotulutsa nkhalamba ya ndevu m'phanga, yawaza ufa, bala latsekeka, basi nkhani ipitirire. Koma owerenga a masiku ano ndi ovuta anzanga, akufunsani kuti nkhalambayo inaphunzira kuti, ndipo ngati ufa wake ndi wamphamvu chonchi nanga bwanji mfumu inafa ndi chifuwa gawo lapita lija. Ndiye pamafunika malo amene anthu a dziko lanulo amaphunzirako zochiza komanso kufufuza matenda, ndipo malowo mutha kuwamanga m'njira zingapo zosiyana kwambiri, iliyonse ndi zokoma zake komanso mutu wake wopweteka.

Musanasankhe n'komwe yankhani kaye ichi: ndi chiyani chimene matsenga a m'dziko lanulo amalephera kuchiza, nanga akachiza amadya chiyani? Ngati wochiza angathe kungotambasula dzanja munthu n'kudzuka, sukulu ndi yachani, kafukufuku ndi wachani? Anthu amafufuza chifukwa pali chowakanika. Apa ife sitifunika kubwereka kwa aliyense chifukwa nkhani za mankhwala zimene tinakula tikumva kumudzi zili kale ndi malamulo olimba. Mankhwala amafuna chizimba, popanda chizimba ndi mizu chabe. Ali ndi zoletsa zake, usadye chakuti, pobwerera usacheuke, usathire mchere, ukaphwanya amasuluka olo kukutembenukira iwe mwini. Pali za kutentha ndi kuzizira, zoti munthu wotentha asagwire khanda kuopa tsempho. Kaya inu mumazikhulupirira kaya ayi, m'nthano zimenezi ndi chuma, chifukwa lamulo lililonse ndi phunziro limodzi pa sukulupo komanso ndi pomwe mwana wa sukulu angalakwitse munthu n'kutisiya.

Njira imene ambiri amathamangira ndi sukulu yaikulu ya ku likulu, yomangidwa ndi mfumu, mawodi mbwee, aphunzitsi a mikanjo, nyumba ya mabuku, dimba la mitengo ya mankhwala. Ndi UTH ya m'nthano tingoti choncho, chipatala chachikulu chophunzitsira madotolo cha ku Lusaka chija. Ubwino wake ndi anthu. Muli ndi dotolo wamkulu amene akamayendera mawodi m'mawa aliyense amanjenjemera, ana a sukulu a chaka choyamba okomoka akaona magazi, sisita wa pa wodi amene amadziwa zambiri kuposa madotolo atsopano koma sangayankhule pagulu, wa ku mochale, wophika, mlonda wa pa geti amene amadziwa chinsinsi cha aliyense. Nkhani zachikondi, nsanje, mayeso, ziphuphu, zonse zimabwera zokha. Ndipo musaganize kuti zoterezi zimafuna malaiti ndi makompyuta, ku Cairo Sultan Qalawun anamanga chipatala chachikulu cha m'ma 1284 chokhala ndi mawodi osiyana malinga ndi matenda, ndalama zoyendetsera zinkachokera ku chuma chimene anapatulira ntchito imeneyo. Ku Padua ku Italy anatsegula dimba la mitengo ya mankhwala la yunivesite mu 1545, ndipo mu 1595 anali ndi chipinda chozungulira choti ana a sukulu aziimirira m'mizere n'kumaonerera mtembo ukung'ambidwa pansipo. Zonsezi ndi nyali ndi makandulo basi.

Koma sukulu yotere imadya ngati ukwati wochitika tsiku lililonse. Ndani akulima chimanga cha odwala 500 ndi ana a sukulu? Nkhuni, madzi, nsalu zomangira mabala, zikuchokera kuti? Ngati dziko lanu ndi la midzi ndi mafumu ang'onoang'ono ndiye mwangoponyapo chinyumba cha nsanjika pakati pa tchire, owerenga amva kuti chinachake sichikugwirizana olo asathe kuchitchula. Pafunika mzinda, msonkho, misewu, zolembalemba. Ndiyeno pali nkhani ya mitembo, yomwe ine ndimaona kuti ndi yokoma kwambiri ndipo anthu amaidumpha. Kwathu kuno maliro ndi chinthu chachikulu, adzukulu, kusambitsa, kugona pa siwa, ndani angapereke mayi ake kuti ana a sukulu aphunzirirepo? Ku Britain vutoli linafika poti anthu ankafukula manda usiku n'kumagulitsa mitembo ku masukulu a udotolo mpaka boma linapanga lamulo mu 1832. Tangoganizani zimenezo m'dziko limene mizimu ya akufa imayankhuladi. Vuto lina la njira imeneyi ndi lakuti ndi yomwe imafanana kwambiri ndi zimene tinaonera pa TV, ukangotayirira pang'ono wapezeka walemba nyumba ya miyala ya kuzizira ndi ana ovala mataye. Chomwe chingakupulumutseni ndi mtunda. Ife a kum'mawa tikudziwa tanthauzo lake akati wodwala wanu tamutumiza ku Lusaka, makilomita opitirira 500 pa Great East Road, mapiri aja, mlatho wa Luangwa, kugulitsa mbuzi kuti ya basi ipezeke, kukasaka wachibale wokusungani. Lembani sukulu ya ku likulu kuchokera m'maso mwa munthu amene wayenda masabata atatu ndi wodwala pa machira, osati m'maso mwa mwana wa nduna wobadwira konko.

Njira yachiwiri ndi chipatala cha pa malo opembedzera, ndipo iyi ndi imene anthu a kuno angaimve msanga chifukwa takula nazo zipatala za mishoni. St Francis ku Katete inayamba mu 1948 ndi a Anglican, pano amayendetsa limodzi ndi a Katolika, Mwami ya a Seventh Day inayamba mu 1927 ndipo anthu amaidziwa kwambiri pa za maso, kulinso Nyanje, Minga, Lumezi, Kamoto. Zambiri mwa izi sizili m'tauni, zili kumudzi, ndipo zina zili ndi sukulu ya anamwino pompo. Aliyense amene anadikirirapo wodwala amadziwa moyo wa kuseri kwa mawodi, kumene odikirira odwala amaphika pa mafuwa, kubwerekana mchere, azimayi oyembekezera ochokera kutali kudikira tsiku lawo, uthenga wa maliro kuyenda mwakachetechete usiku. Pamenepo pali sewero lathunthu la wailesi osalowa n'komwe mu fiyeta ya opaleshoni.

Kuti chikhale cha dziko longopeka chotsani tchalitchi muikepo kachisi wa dziko lanulo, ndipo chitsanzo tili nacho m'mbiri yathu Achewa, kachisi wa ku Msinja uko ku Malawi kumene kunali Makewana, mayi woyang'anira za mvula, ndi atsikana omutumikira aja ankatchedwa matsano. Tangoganizani malo otero koma ntchito yawo ndi kuchiza, atsikana ndi anyamata operekedwa ndi mabanja awo kukatumikira zaka 7, akuphunzira mizu ndi mapemphero nthawi imodzi, mafumu akutumiza mitulo chifukwa akuopa kuti akapanda kutero anthu awo sadzalandiridwa. Vuto la chakudya latha, vuto la ulemu latha, palibe msilikali angalowe ndi mkondo pamenepo ndiye adani awiri atha kugona mabedi oyandikana, eti kukoma kwake. Pomwe imafookera ndi pa kafukufuku. Malo amene amati mankhwala awa tinapatsidwa ndi mzimu savomera msanga kuti mankhwalawo sakugwira. Mutha kupanga chimenechi kukhala mtima wa nkhani, mtsikana mmodzi waona kuti odwala omwe anamwa madzi a pa dziwe lopatulika ndi amene akutsegula m'mimba, anene asanene? Koma nkhani yotere ndi imodzi, mukaimaliza mupitanso kuti? Komanso samalani, mukangotsetsereka pang'ono nthano imasanduka ulaliki, olo kunyoza chipembedzo cha anthu, zonse ziwiri owerenga amathawa.

Yachitatu ilibe nyumba n'komwe. Ndi ya kwa agogo, sing'anga kuphunzitsa mdzukulu wake, mzamba kutenga mtsikana wanzeru kuti azimunyamulira zinthu mpaka naye adziwe. Kalasi yake ndi tchire, m'mamawa ndi kakhasu m'manja, uwu ndi muwawani kuwawa kwake ulawe wekha, uwu mvunguti, uwu mlombwa wa utomoni wofiira, muzu uwu umakumba mbali ya kum'mawa, khungwa ili usasende kuzungulira mtengo ungaume. Kutema mphini, kufukiza, nsupa, ula. Mwa njira zonse iyi ndi imene ili ndi fungo lakwathu, ndipo amene amaganiza kuti ochiza oterewa sangachite zazikulu m'nthano akawerenge za ku Bunyoro ku Uganda, kumene mu 1879 mlendo wa ku Britain Robert Felkin anaona ndi maso ake ochiza akumeneko akutumbula mayi kuti atulutse mwana. Anamumwetsa mowa wa nthochi, mowa womwewo anasambira m'manja ndi kutsukira pamimba, magazi analetsa ndi chitsulo chamoto, bala anatseka ndi timisomali tachitsulo n'kukulunga ndi ulusi, ndipo mayi ndi mwana onse anali moyo pamene iye amachoka masiku angapo pambuyo pake. Anthuwo sanali kuyesera mwamwayi, zinkaoneka kuti ndi ntchito yozolowera, kutanthauza kuti kwinakwake kunali wophunzitsa.

Koma tinene zoona, iyi si sukulu, ndi banja. Nzeru zili m'mutu mwa munthu mmodzi, akafa asanaulule zapita naye. Sing'anga wa tsidya lino sauza wa tsidya ilo chifukwa ndi pomwe amadyera. Muyezo palibe weniweni, kadzanja ka agogo ndi kadzanja ka mdzukulu n'zosiyana, ndipo odwala amene anafa palibe amene akuwawerenga, timangokumbukira ochira. Ndiye ngati mukufuna nkhani ya anthu awiri atatu, mphunzitsi wovuta ndi wophunzira wamakani, iyi ndi yabwino zedi ndipo ndi yotchipa pa sewero. Ngati mukufuna malo ofufuzira matenda a dziko lonse siikwana yokha, pokhapokha mupange kuti ochizawo ali ndi gulu lawo lachinsinsi lokumana kamodzi pachaka. Ambiri akafika apa amayamba kutengera za kudambwe, ine ndingoti pekani zanu, za Gule zili ndi eni ake ndipo si zoti tizimwaza pa intaneti kuti nkhani ikome. Chinanso, chizimba cha m'nthano yanu chisakhale ziwalo za anthu achialubino olo nkhalamba kusanduka mfiti yoti iphedwe, zinthu zimenezi kunja kuno zikupha anthu enieni. Chizimba chitha kukhala chaka chimodzi cha moyo wa wochizayo, olo kuiwala nkhope ya munthu mmodzi amene amamukonda nthawi iliyonse akachiza. Zimenezo zimapweteka owerenga kuposa zoopsezaopseza zija.

Manje njira imene ine ndimaikonda, msasa wa kafukufuku womangidwa komwe kuli matendawo. Osati ku likulu, osati pa phiri lozizira, koma kuchigwa kotentha kumene anthu akufa ndi nthenda yosadziwika. Ife tili ndi chigwa cha Luangwa pakhomo pomwepa ndipo mbiri yake pa nkhani ya kaodzera ambiri sitiidziwa. Kachilombo koyambitsa kaodzera wa mtundu wofulumira uja anakazindikira mu 1910 akatswiri awiri a ku Liverpool, Stephens ndi Fantham, m'magazi a munthu amene anatenga matendawa ku chigwa cha Luangwa, n'chifukwa chake dzina lake lili ndi mawu oti rhodesiense mpaka lero, poti dziko lino nthawiyo linkatchedwa Rhodesia. Kenako akatswiri ena awiri, Allan Kinghorn ndi Warrington Yorke, anabwera kudzamanga msasa m'chigwa momwemo cha m'ma 1911 ndi 1912, ndipo anasonyeza kuti ntchentche ya kashembe ya m'tchire ija ndi imene imafalitsa, komanso kuti kachilomboko kamabisala m'magazi a nyama zakutchire. Tangoonani mmene nkhaniyo yakhalira yokha: munthu amadwala, choluma ndi ntchentche, koma nkhokwe ya matenda ndi mbawala imene ikuoneka yathanzi bwinobwino. M'dziko longopeka sinthani pang'ono, nthenda yogonetsa anthu n'kumalota maloto amodzi mudzi wonse, nyama yosunga nthendayo ndi yopatulika, mfunda wa banja lachifumu, ndani ayerekeze kunena kuti ndi imeneyo?

Chimene chimandikokera ku njira iyi ndi chakuti kafukufuku weniweni amaoneka ndi maso, ndipo safuna makina. Anthu amaganiza kuti popanda galasi lokuzira tizilombo palibe sayansi, koma zambiri zinapezeka ndi kuwerenga chabe. Dotolo wa pa sitima yapamadzi James Lind mu 1747 anatenga amalinyero 12 odwala nthenda yotupitsa nkhama ndi kugwedeza mano, anawagawa awiriawiri, gulu lililonse mankhwala ake, omwe anapatsidwa malalanje ndi mandimu ndi amene anachira. Ignaz Semmelweis ku Vienna mu 1847 anaona kuti azimayi ochirira mu wodi ya ana a sukulu a udotolo akufa kwambiri kuposa a mu wodi ya azamba, chifukwa anyamatawo ankachoka kong'amba mitembo n'kupita kukagwira azimayi osasamba m'manja mokwanira. Atawakakamiza kusamba ndi madzi a klorini imfa zinatsika, koma madotolo anzake ambiri anakana kumva ndipo iye anafera m'chipatala cha amisala mu 1865. Munthu wotero muikeni m'nthano yanu basi, simufunikanso chinjoka. Ndipo ngati anthu a dziko lanu sadziwa kulemba, kuwerenga angathe, mphika wa ochira mphika wa akufa, wodwala aliyense mwala wake, olo mfundo pa chingwe. Tsiku limene wina adzakhuthule miphika iwiriyo pamaso pa mfumu n'kuonetsa kuti mankhwala a sing'anga wamkulu wa kunyumba yachifumu akupha ambiri kuposa kusamwa kanthu, ndi gawo limene anthu adzatumizirana pa WhatsApp.

Ndipo msasa wotere ndi pomwe njira ya kwa agogo ija imapeza ntchito. Ofufuza ochokera ku likulu safika ndi yankho, amafika ndi mabuku ndi matama, odziwa chigwa ndi eni chigwa, asodzi, alenje, azamba, amene amadziwa kale kuti pa dambo lakuti ng'ombe sizikhala. M'mbiri yeniyeni zakhala zikuyenda choncho. Kwinini anachokera ku khungwa la mtengo wa ku South America, anamupatula mu 1820. Coartem amene timamwa tikadwala malungo, mbali yake imodzi inachokera ku chitsamba cha ku China, mayi wofufuza wa konko Tu Youyou anapeza njira atawerenga zolemba zakalekale zonena kuti chitsambacho chiviikidwe m'madzi, iye n'kuzindikira kuti kuwiritsa n'kumene kunkapha mphamvu yake, analandira mphotho ya Nobel mu 2015. Ndiye pa msasa wanu pakhale nkhalamba imene ili ndi muzu wogwiradi ntchito koma yaukulunga m'miyambo 10, ndipo ntchito ya ana a sukulu ndi kupeza kuti mwa miyambo 10 imeneyo ndi iti imene ikuchiza ndi iti imene ili yongoteteza chinsinsi. Popeza ndi dziko la matsenga, yankho lisakhale lija lophweka lakuti miyambo yonse ndi yabodza, mwina woletsa kucheuka uja ndiye weniweni ndipo wochotsa mwambowo ndi amene adzalira. Funso lakuti dzina la ndani lidzatchuka mankhwala akapezeka, la nkhalamba kapena la mkulu wa ku likulu, limenelo lokha ndi magawo asanu.

Zovuta zake zilipo ndithu. Choyamba ndi mdima wake, kafukufuku amafuna anthu oyeserapo, ndipo nthawi zambiri oyeserapo amakhala osauka. Ku Tuskegee ku America kuyambira 1932 mpaka 1972 amuna akuda odwala chindoko anasiyidwa osapatsidwa mankhwala kuti madotolo aone mmene matendawo amathera munthu, olo penisilini atapezeka. Nthawi ya atsamunda polimbana ndi kaodzera boma linkatseka njira ndi kusamutsa midzi m'madera ena, anthu kusiya minda ndi manda a makolo awo. Ndiye anthu a m'chigwa mwanu ali ndi chifukwa chomveka chokayikira alendo otenga magazi, asakhale mbuli zongothawa chithandizo ayi. Mukalemba bwino palibe woipa weniweni, aliyense ali ndi mfundo, koma kulemba choncho n'kovuta ndipo kumafuna kuleza mtima. Chachiwiri msasa ndi waung'ono, anthu 20 olo 30, ngati mumakonda maphwando a kunyumba yachifumu ndi nkhondo za mipando muona ngati mwadzitsekera. Chachitatu muyenera kudziwa malo, kutentha kwa Okutobala, mitsinje ikadzaza nthawi ya dzinja njira n'kuduka miyezi, njovu kulowa m'munda, munthu amene sanatsikepo ku Mambwe olo ku Mfuwe afunse amene anakhalako asanalembe. Msasa ukakula utha kusanduka likulu la kafukufuku lenileni lokhala ndi nthambi zake, monga TDRC ya ku Ndola imene inakhazikitsidwa mu 1975 kuti izifufuza matenda a kumadera otentha, ndiye muli ndi nkhani ya mibadwo iwiri itatu ngati mphamvu muli nazo.

Pali inanso ya sukulu yoyenda, ochiza otsatira gulu la nkhondo olo mtundu umene ukusamuka, monga Angoni a Zwangendaba aja anawoloka Zambezi mu 1835 tsiku limene dzuwa linadetsedwa. Ophunzira amadziwa mabala, kuthyoka mafupa ndi kubereketsa panjira msangamsanga chifukwa odwala sasowa, ndipo dera lililonse latsopano mitengo yake ndi yachilendo ndiye amaphunzira kwa anthu amene awagonjetsa. Pa gemu ndi makatuni ndi yabwino chifukwa malo amasintha. Kafukufuku wodekha sangachitike anthu akunyamuka mawa, ndiye ine ndimaiona ngati nthambi ya sukulu ina osati sukulu payokha.

Posankha yang'anani kaye chimene mukulemba ndi anthu amene muli nawo. Sewero la pa wailesi la mphindi 15 lokhala ndi osewera asanu, tengani kachisi olo kwa agogo, mawu a belu, mtondo, nyimbo ya odikirira odwala, zonse zimamveka bwino m'khutu ndipo simufunika kufotokoza zambiri. Nkhani ya pa Facebook imene anthu amawerenga pa foni bando ikutha, likulu limagwira chifukwa gawo lililonse litha kukhala ndi wodwala watsopano ndi kachikondi kake, bola mukhale ndi kope lolembamo mayina chifukwa anthu 40 amasokoneza ndi mlembi yemwe. Buku lathunthu, chigwa. Ndipo njira izi zitha kukhala m'dziko limodzi n'kumakangana, likulu ndi limene limapereka chilolezo chochiza, kachisi ali ndi chikhulupiriro cha anthu, agogo ali ndi mizu, msasa uli ndi miphika ya miyala ija, aliyense akufuna cha mnzake koma sakufuna kupereka chake. Ngakhale lero dotolo wa zaka 7 za sukulu, kiliniko ofesa amene anaphunzira ku koleji ya Chainama, namwino wa pa kiliniki ya kumudzi ndi sing'anga wa chikalata cha THPAZ, bungwe la asing'anga la m'Zambia, onse amaona wodwala mmodzimodzi yemweyo pa masiku osiyana, wodwalayo osauza uyu kuti anapita kwa uyo.

Ine nditati ndiyambe lero ndingamange msasa wa kuchigwa, ana a sukulu asapitirire 6, awiri otumizidwa ndi likulu ngati chilango, mmodzi wothawa ku kachisi, mmodzi mdzukulu wa sing'anga amene agogo ake amutuma kuti akabe nzeru osati kukapereka, enawo ana a m'chigwa momwemo amene abale awo ali m'mawodi. Ndingasankhe kuti kuchoka pa msasa kukwera mapiri kufika kumtunda ndi masiku 4 wapansi ndipo chiwerengero chimenecho sindingachisinthe olo nkhani itapanikiza bwanji, chifukwa wodwala akangofika ku likulu tsiku limodzi gawo lina, owerenga sadzaopanso mtunda. Pokhapokha ngati nkhani yanu yeniyeni ndi yolimbirana ufumu, mfumu ikudwala ndipo mbumba ikukangana kuti mwa ana a alongo ake alowe ndani, pamenepo musavutike ndi chigwa, mangani sukulu yanu pafupi ndi bwalo la mfumu kuti amene akusakaniza mankhwala a mfumuyo akhale munthu amene mbali zonse zikufuna kumugula.